Jenerale Kumsana Kwanga

Tsiku limenelo linayamba ndi fungo la guluu. Ababa anali atadzuka kale, akudula galasi patebulo la kushopu. Kachitsulo kodulira kankalira pang'onopang'ono ngati mwanapiye, kenako galasi n'kuti thwa. Kunali kozizira. Inali nyengo ya fumbi, mitengo itayoyola masamba. Kusukulu sitinapite chifukwa kunamveka kuti m'tauni mukhala zionetsero. Ine ndinasangalala. Ndinali ndisanalembe n'komwe mayeso a Sitandade 8.

Inu amene munabadwa pambuyo pake mumadutsa ku Area 1 n'kumaona mashopu openta bwino. Ife tinkakhala kuseri kwa imodzi mwa mashopu akale. Ababa ankapanga mafelemu a zithunzi. Anthu ankabweretsa zithunzi zaukwati, masatifiketi, zithunzi za abale awo omwalira. Ababa akamaliza chithunzi ankachitsamiritsa kukhoma, nkhope ikuyang'ana khomalo, kuti galasi lisagwire fumbi. Shopu yathu inali mumdadada umodzi ndi yogulitsa nsalu, golosale, ndi yogulitsa matayala kumapeto. Denga linali limodzi.

M'nyumba tinalimo ababa, amayi, ine, kamchimwene kanga Mada kamene kanali kakuyamwa, ndi agogo, bambo awo a ababa.

Agogo anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anapita ali mnyamata, anawoloka nyanja pasitima, anakafika kunkhalango za ku Bama. Pamene ine ndinkayamba kuzindikira, mutu wawo unali utayamba kubwerera komweko. Ankaiwala kuti adya kale. Dzina langa ankalitola lero, mawa n'kulitaya. Ababa akawaitana kuti ababa, sankatembenuka. Akati a Sajeni, ankadzuka.

Chinthu chimodzi sankachiiwala. Pakhoma la pabalaza panali chithunzi chakale, chopanda mitundu, cha mkulu wa asilikali a ku Mangalande. Dzina lake lili m'mabuku a mbiri yakale. Kwathu ankangotchedwa Bwana Jenerale. Anavala chipewa chachikulu chopindika mbali imodzi. Chibwano chake chinali chotuluka, manja ali kumbuyo, akuyendera asilikali oima pamzere. Asilikaliwo sankaoneka. Kumphepete kwenikweni kokha kunkaoneka phewa, khutu, ndi mkono wakuda utagwira mfuti. Nkhope inatsala kunja kwa chithunzi.

Agogo ankati mkonowo ndi wawo. Palibe amene ankatsutsa.

Felemu limadya chithunzi m'mbali, pang'ono chabe, ngati m'lifupi mwa chala. Pachithunzi chimenechi chala chimodzi chikanameza mkono wonse. Ababa anachimata kaye papepala lolimba lokulirapo, kuti thabwa lidye pepalalo, mkono utsale. Thabwa anasankha la mlombwa. M'makona simunkalowa ngakhale chikhadabo.

M'mawa uliwonse agogo ankaima patsogolo pa chithunzicho, zidendene pamodzi, n'kumenya saluti. Akatero m'pamene ankamwa phala. Tsiku limenelonso anatero.

Phokoso linayamba dzuwa litakwera pang'ono. Poyamba kunali kuyimba, chakumsewu waukulu. Kenako mapazi a anthu ambiri. Kenako kulira kumene ndinali ndisanakumvepo, ngati munthu akuthyola matabwa owuma, limodzi limodzi. Amayi ankachapa matewera kuseri. Anaimirira thovu lili m'manja.

Utsi wokhetsa misozi unabwera ndi mphepo. M'maso munkawawa ngati mwalowa tsabola. Amayi ananyowetsa tewera loyera n'kuphimba nkhope ya Mada.

Shopu ya matayala inayaka. Amene anayatsa sindinamuone. Amene ankawombera sindinawaonenso, tsiku lonse. Anthu amandifunsa ndipo ndimayankha chomwecho. Chimene ndinaona ndi utsi wakuda, wolemera, ukuyenda pansi pa denga lija kubwera kwathu.

Ababa anatulukira kuchokera kushopu, pensulo ili pakhutu. Anati tipite ku Area 13, kwa Mayi Mhango. Mayi Mhango kwawo kunali kumpoto, ankagwira ntchito m'boma ku City Centre, ndipo ankayimba kwaya limodzi ndi amayi. Amayi anabereka Mada. Sanatenge chilichonse kupatula chitenje china chimene chinali pachingwe.

Agogo tinawapeza pabalaza. Anali atavala jekete lawo ndi nsapato zawo zopanda zingwe. Anaima chilili, manja m'mbali, maso pachithunzi. Amayi anawakoka mkono. Sanasunthe.

"A Sajeni, tiyeni. Nyumba ikupsa," anatero ababa.

"Palibe lamulo," anayankha agogo. "Msilikali sachoka pamalo pake popanda lamulo."

Ababa anawagwira m'chiuno kuti awanyamule. Agogo anakakamira mphuthu ya chitseko ndi manja onse awiri. Zala zimene zinkagwetsa supuni zinalimba ngati mapulayazi. Utsi unali utayamba kutsika kudzera m'mabowo a malata.

Ababa anawasiya. Anayang'ana agogo, kenako anayang'ana kumene agogo ankayang'ana. Anachotsa chithunzi pamsomali.

"Tembenuka, Tiya."

Anandiika chithunzicho kumsana, nkhope ya mzungu ikuyang'ana kumbuyo. Anatenga chitenje cha amayi chija, anachikulunga chakumunsi kwa felemu n'kumanga mfundo pachifuwa panga, monga amamangira mwana. Chakumtunda anadutsitsa chingwe chopachikira m'mapewa mwanga. Anakoka kuti aone ngati chalimba. Manja awo ankanunkha guluu.

"Uyende patsogolo. Usathamange, ungawataye agogo ako. Usatembenuke. Ukatembenuka iwe, watembenukanso bwana, agogo ako asokonezeka. Wamva?"

Ndinavomera ndi mutu.

"A Sajeni!" anakuwa ababa ndi mawu amene sindinawamvepo. "Bwana akunyamuka!"

Ndinaponda phazi limodzi, kenako lina. Kumbuyo ndinamva zala zikusiya chitseko. Ndinamva nsapato zopanda zingwe zikukhwekhwereza.

Tili pakhomo lakuseri, amayi anafunsa kuti nanga inu. Ababa anati za anthu zili m'shopumo, angozitulutsa, atipeza. Amayi anati zisiyeni zipse. Ababa anati muli zithunzi za anthu amene anamwalira, ndipo zina zilipo chimodzi chokha padziko lonse. Amayi anawatchula dzina lawo lenileni, Lufeyo, chinthu chimene sankachita pamaso pa ana.

Zonsezi ndinangozimva. Sindinatembenuke. Anali atandiuza.

Tinadutsa m'tinjira takuseri kwa mashopu. Pansi panali magalasi osweka, mapepala, tomato woponderezedwa. Anthu ankathamanga kulowera mbali zonse. Bambo wina anasenza matilesi akadali m'pulasitiki. Mayi wina anali ndi nsapato imodzi kuphazi, ina kumanja, akuitana dzina la mwana. Ife tokha ndi amene tinkayenda pang'onopang'ono: ine patsogolo, agogo pakati, amayi ndi Mada pambuyo.

Felemu linkandigunda m'matako pa phazi lililonse. Makona akumtunda ankandilasa m'mapewa.

Anyamata ena anatidutsa atanyamula katoni yaikulu awiriawiri. Mmodzi anacheuka, anaima, n'kuyamba kuseka thukuta lili chuchuchu.

"Iwe, anzako akutola ma TV, iwe wasankha mzungu?"

Mnzake anati, "Mwana wakoyo wafanana ndi bambo ake eti?"

Anaseka n'kupitirira. Ndikukumbukira kuti ndinachita manyazi. Mfuti zikulira, ine ndinachita manyazi.

Pamlatho waukulu panali posadutsika. Panali moto pakati pa msewu ndi miyala ikuwuluka. Amayi anandiuza kuchokera kumbuyo kuti nditsikire kuseri kwa msika, kumene kuli timilatho tamitengo. Mtsinje wa Lilongwe unali utaphwa, madzi obiriwira, onunkha. Kamlatho kankagwedezeka. Pakati pa matabwa panali mipata yoti phazi la agogo n'kulowa lonse. Ndinkafuna kuwagwira dzanja. Sindikanatha popanda kutembenuka.

Ndinayenda maso ali kutsidya. Kumbuyo agogo ankang'ung'udza motsitsa, lefu, laiti, lefu, laiti. Ndinayamba kuponda motsatira mawu awo. Kamlatho kanasiya kugwedezeka kwambiri. Tinawoloka.

Kutsidya kunali malo omwetsera mafuta. Chaka chimenecho mafuta ankasowa, ndipo magalimoto ankagona pamzere. Mzere unalipo, wautali, koma eni ake kunalibe. Galimoto ina inali ndi chitseko chotsegula, wailesi ikuyimba nyimbo ya kwaya.

Mfuti zinalira pafupi. Galasi la minibasi imene inali patsogolo panga linasanduka loyera, kenako linagwa lonse ngati mchere.

"Gonani!" anakuwa amayi.

Ndinagwa chafufumimba. Fumbi linalowa m'kamwa. Chithunzi chinatsala pamwamba panga, chikuyang'ana kumwamba.

Kenako chinthu cholemera chinandigwera. Ndinamva galasi likusweka kumsana kwanga. Ndinaganiza kuti ndawomberedwa. Koma panali fungo la sopo wochapira ndi fodya wakale. Anali agogo. Anadzigwetsa pamwamba panga, thupi lonse, miyendo yawo pamiyendo yanga. Mtima wawo ndinkaumva kudzera m'thabwa.

"Bwana, mutu pansi," ananong'ona. "Mutu pansi."

Mawuwo ankapita kwa bwana. Koma dzanja lawo silinali pafelemu. Linali pamutu panga, patsitsi limene amayi anandiluka Lamulungu, likukanikizira nkhope yanga m'dothi. Chala chawo chachikulu chinkandisisita kuseri kwa khutu.

Tinakhala choncho mpaka kulira kunapita kutali. Amayi anakwawa kufika pamene tinali. Anati agogo, dzukani. Sanadzuke. Ndinazindikira ndekha chimene ankadikira. Ndinadzikoka pansi pawo, ndinagwada, ndinaimirira, msana wanga uli kwa iwo. Magalasi anayoyoka m'chitenje. Pamenepo agogo anaimirira.

Amayi anachotsa zidutswa zotsala m'felemu ndi zala, akuzitaya m'ngalande. Anati malaya a agogo ali ndi magazi pachifuwa koma si ambiri. Anati tsaya la mzungu lakandika. Ndinafunsa za mkono. Sindikudziwa chifukwa chake ndinafunsa zimenezo. Amayi anati mkono ulipo, yenda.

Msewu wopita ku City Centre umadutsa m'mbali mwa nkhalango. Kumeneko kunali zii. Masamba owuma ankalira pansi pa mapazi. Pusi anakhala pampanda akutiyang'ana. Kumbuyo kwathu utsi unaima pamwamba pa tauni ngati mtengo waukulu, koma ine ndinangouzidwa ndi amayi.

Nsapato imodzi ya agogo inavuka. Ndinadziwa chifukwa kulira kwa mapazi kunasintha. Sanaime. Amayi anaitola. Lefu ndi laiti zinayamba kutalikirana. Pakati pake panali kupuma kolira ngati chitseko chadzimbiri. Ndinachepetsa liwiro mpaka ndinkangokhala ngati ndaima.

Mada sanalire ulendo wonse. Amayi ankangopisa dzanja kumbuyo kuti amve ngati akupuma.

Galimoto ya pikapu inatipeza pamtunda. Kumbuyo kunali anthu ena atakhala pamatumba a simenti. Dalaivala anaima osazimitsa injini. Amuna awiri anatsika kuti akweze agogo. Agogo anawakankha.

"Bwana akuyenda pansi," anatero.

Amayi anati kwera iwe kaye. Ndinakwera, ndinagwada pathumba, nkhope kutsogolo. Agogo analola kunyamulidwa. Palibe amene anaseka m'galimotomo. Mayi wina anandipukuta dothi kumaso ndi nsonga ya mpango wake.

Ku City Centre mabanki anali otseka. Alonda ankasuzumira m'mipata ya mageti. Pamalo oimika magalimoto panali mbalame zokhazokha. Pikapu inatitsitsa pamphambano, ndipo kotsalako tinayenda.

Ku Area 13 munthu wina ankathirira maluwa ndi paipi. Galu anauwa kamodzi. Mipanda ya mitengo inali yodulidwa bwinobwino. Kulira kwa mfuti kunkamveka ngati munthu akukhoma misomali kunyumba yakutali.

Mayi Mhango anatsegula okha geti. Anayang'ana amayi, anayang'ana agogo ndi phazi lawo lotupa, anayang'ana kumsana kwanga. Anatilowetsa pabalaza. Mfundo ya ababa inakana kumasuka. Anachita kudula chitenje ndi sizasi.

Anaimika chithunzi pampando wa sofa. Aka kanali koyamba kuona nkhope ya agogo chichokereni kunyumba. Inali yotuwa ndi fumbi, milomo itang'ambika. Anaima patsogolo pa mpandowo, phazi limodzi lili ndi nsapato, lina lopanda. Anagunditsa zidendene. Dzanja linachedwa pokwera, koma linafika.

"Onse afika, bwana," anatero.

Amayi anatuluka panja. Anakaima pageti, Mada ali kumsana, nsapato ya agogo idakali m'manja. Anaima pomwepo mpaka dzuwa linapendeka. Tiyi wawo anazizira patebulo.

M'mawa mwake a Mhango aamuna anatenga amayi pagalimoto. Mdadada wonse unali utapsa, denga litagwera m'kati. Kutsidya kwa kanjira kunali mpanda wa njerwa. Zithunzi za anthu zinali pamenepo, zitandandalikidwa bwinobwino, chilichonse nkhope ikuyang'ana khoma. Palibe chimene chinapsa. Ababa anawapeza kuchipatala, atafunditsidwa kale nsalu. Oyandikana nafe anati anagwa pakati pa shopu ndi mpandawo. Kumene chipolopolo chinachokera, palibe amene anaona.

Eni zithunzi anabwera kudzatenga zawo m'masiku otsatira. Ena anabwera kumaliro.

Nditapita kukoleji kukachita satifiketi yanga, tsiku lina ndinalemba dzina la Jenerale uja pakompyuta. Zithunzi zake zinabwera zambirimbiri. Ali pagalimoto yankhondo. Akuloza pamapu. Akugwirana chanza ndi akuluakulu anzake. Chiboliboli chake chitaima mumzinda wa kwawo. Ndinapezanso chathu chija, chipewa chomwecho, manja kumbuyo. Koma chinali chodulidwa m'mbali. Mkono munalibe. Ndinakhala ndikuyang'ana mpaka woyang'anira chipindacho anandiuza kuti pali ena akudikira.

Munthuyo sindimukonda ndipo sindimuda. Sanadziwe kuti anayendapo m'misewu ya Lilongwe atamangidwa m'chitenje. Mwina dzina la agogo sanalimvepo. Ndimadzifunsabe kuti pamalo omwetsera mafuta paja agogo anaphimba ndani. Masiku ena ndimakhulupirira mawu awo. Masiku ena ndimakhulupirira dzanja.

Pano ndili ndi mwana wanga wamkazi, Takondwa. Ndimagwira ntchito mu ofesi ku City Centre komweko. Ndinene zoona, sindine mayi wodekha. Tayala likaphulika pamsewu ndimapezeka ndaimirira, chikwama chili kale m'manja. Kukamveka mphekesera ya zionetsero, mwana sapita kunazale. M'chikwama changa simusowa chitenje. Bambo ake amati ndidzam'patsira mantha mwanayu, ndipo mwina akunena zoona.

Choipitsitsa n'chakuti ndikam'bereka, sinditha kuyenda osacheuka. Ndimacheuka pageti, pamsewu, pokwera minibasi. Khosi limachita kuwawa. Iye amandigwira tsaya n'kulikankhira kutsogolo.

"Amama, yang'anani uko. Ine ndilipo."

Chithunzi chili pabalaza pathu. Galasi sindinaikenso. Alendo amafunsa kuti mzunguyu ndi ndani wanu. Takondwa ankayesa kuti ndi agogo ake, mpaka ndinam'nyamula n'kuika chala chake pamkono wa kumphepete. Ndinati awa ndi agogo a ine. Kenako ndinayendetsa chalacho pathabwa, mpaka pakona pamene sipalowa chikhadabo. Ndinati apa ndi agogo ako.

Agogo anakhala nafe mpaka mvula inagwa n'kutha, inagwanso. Anamwalira pamphasa, ali m'tulo, kumudzi. Za ababa sanafunsepo. Koma nthawi zina m'mawa, atamenya saluti, ankapendeketsa mutu ngati akumvetsera galasi likudulidwa kuseri kwa khoma.

Mada anakula, ndi wamtali kuposa ine, sakumbukira chilichonse. Amayi alipo. Nsapato ija anaisunga.

Tinatuluka m'nyumba muja anthu anayi, ndipo tonse tinafika. Amene anamanga mfundo anatsala kumbuyo kwanga, kumene anandiuza kuti ndisayang'ane.